Buluku Limene Sitinalidule

Ine nyanja inandikana. Kwathu ku Lungwena mwana wamwamuna amakulira m'bwato, koma ine ndikangokwera, zonse zimene ndadya zinkabwerera kwa nsomba. Malume atatopa ndi manyazi ananditengera ku boma ku Mangochi kwa Che Matiya, telala amene ankaimba nawo kwaya kutchalitchi. Makina awo opalasa ndi mapazi ankakhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Anandiyang'ana m'manja n'kunena kuti, "Maso anga akutha. Ukhala maso anga, koma pakamwapo uchepetse." Anali atamva kale kuti ndine wolongolola.

Ndinayamba ndi kukoleza makala mu simbi ndi kukulunga ulusi pa bobini. Kenako anandipatsa tepi ndi choko, ndipo sizasi inabwera pomalizira penipeni. Pofika Disembala ndinali nditakhala wodula nsalu, iwo akusoka. Ndinkadzimva, osanama.

Amene sanagwirepo utelala sadziwa kuti tsiku loti mawa ndi Khirisimasi ndi nkhondo. Chaka chimenecho mvula inayamba m'mawa, mphepo ikukankhira madzi pakhonde, ife kumangokokera makina kukhoma. Lamba wa makina anaduka, tinamulumikiza ndi waya. Amayi anadzaza benchi, aliyense akukuwa kuti diresi la mwana wake ndilo linabwera poyamba. Pakona panakhala mnyamata wa chipani, wa malaya ofiira aja ankayendera makadi pamsika, akudikira kuti timuikire kolala. Mutu wanga unali utatentha ngati simbi ija.

Masana ndithu, phokoso lonse linangoti zii. Nditadzutsa mutu ndinaona amake Luka ataima pamvula ndi mwana wawo. Amuna awo anali mphunzitsi. Miyezi ingapo m'mbuyomo landirova inabwera kusukulu n'kuwatenga, ati analankhula zosayenera pa bawo. Kumene anali, palibe ankadziwa. Kuyambira pamenepo anthu ankaopa ngakhale kuwapatsa moni mayiwo, kuopa kuti angaoneke ngati ali kumodzi. Inenso mantha anandigwira, maso anga ali pa malaya ofiira aja.

"Lowani mayi, mukunyowa," anatero Che Matiya, n'kuwapatsa mpando wawo womwe.

Mayiwo anamasula kampukutu. Munali buluku lakuda, la ukwati la amuna awo. Luka anali atasankhidwa kunyamula kandulo pa mapemphero a Khirisimasi, ndipo analibe chovala china koma kabudula wa sukulu wong'ambika kumbuyo.

"Mulidule limukwane mwanayu," anatero motsitsa mawu.

Kudula ndi ntchito yachangu, ndipo ine ndinkafuna achoke msanga. Ndinamuyeza mwana, kulemba choko pamiyendo ndi m'chiuno, n'kutsegula sizasi. Che Matiya anandigwira pamkono.

"Ukudula chiyani? Mwini wake wamwalira?"

"Dulani basi, Che Matiya," mayi aja anayankha. "Opita kumeneko sabwera. Ndatopa n'kuyang'ana kunjira."

Abale inu, mawu amenewo anandilasa. Sanalire ayi, anangolankhula ngati munthu amene misozi inamuthera kalekale.

Che Matiya anavula magalasi awo. "Mayi, mwana amene tikumuimbira mawayu, mfumu inamusakasaka kuti imuphe. Anathawa naye kudziko lachilendo. Koma anabwerako." Atatero anatembenukira kwa ine. "Pinda. Usadule ngakhale kaulusi."

Kutchula za mfumu yosaka anthu, wa chipani ali pomwepo! Ndinati basi, Khirisimasi tikadyera kupolisi. Mnyamata uja anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anangoti, "Kolala yanga ithe lero, madala," n'kutembenukira kumsewu. Kaya sanamve kaya anasankha kusamva, sindidziwa mpaka lero.

Kuchepetsa buluku la munthu wamkulu osalidula ndi chintchito. Umamasula msoko wakumbuyo ndi lezala, n'kulowetsa chiuno mkati, nsalu yotsalayo n'kuigoneka bwinobwino kuti isamutukule mwana. Miyendo umaipindira mkati kawiri, kuisita ndi kansalu konyowa pamwamba, n'kuigwira ndi singano yapamanja. Makina saloledwa, chifukwa amasiya zibowo zimene zimadzaoneka tsiku lomasula.

Amayi a pabenchi anayambanso kudandaula kuti tikuchedwa, mvula ikulirabe pamalata. Koma ine nditakhala pansi ndi singano ija, Che Matiya akupalasa makina n'kumang'ung'udza nyimbo ya kwaya, mtima wanga unakhala pansi koyamba tsiku lonselo. Msoko uliwonse ndinkausoka ndikudziwa kuti wina adzaumasula, ndipo ndinapezeka ndikumupempherera munthu amene ndinkaopa ngakhale kutchula dzina lake. Mayi wina wa ku Katuli, Msilamu, anasendera n'kuwapatsa amake Luka chitenje chouma kuti afunde. Atatero, enanso awiri anawapatsa moni.

M'mawa mwake Luka ananyamula kandulo. Buluku linali lolemera kumiyendo, akuyenda ngati wavala matumba, koma amake anaimba nawo.

Panapita zaka. Che Matiya anamwalira, makina anatsala ndi ine. Tsiku lina, nyengo ya Khirisimasi yomweyo, ndinaona amake Luka akubwera ndi kampukutu, kumbuyo kwawo bambo wa imvi akuyenda pang'onopang'ono. Sindinawazindikire mpaka atandipatsa moni. Anali aphunzitsi aja, bambo ake a Luka.

"Mwabwera nalo lija?" ndinafunsa.

"Mumasule," anatero mayiwo.

Ndinatenga lezala n'kumasula miyendo, nsalu yonse inatsika yathunthu, mzere wa choko changa ukuonekabe mkati. Nditafika pachiuno ndinawayeza aphunzitsi aja ndi tepi, n'kuyezanso kachiwiri. Sipanafunike kumasula. Chiuno chimene tinachepetsera mwana chinawakwana bambo ake ndendende. Ndinayang'ana kumbali.

Aphunzitsiwo anaseka pang'ono. "Musadandaule, atelala. Chisiyeni chopinda chomwecho. Ndikadya chambo cha kwathu kuno, tidzabweranso."

Ndaphunzitsa anyamata ambiri pakhonde limeneli. Sizasi ndimawapatsa pomalizira, ndipo ndisanawapatse ndimawauza zimene anandiuza Che Matiya: mwini wake asanamwalire, pinda, usadule.