Mulu wa Nkhuni pa Doko Lathu

Tsiku limenelo ndinali m'munda wa mapira, ndikuthamangitsa mbalame. Dzuwa linali litangokwera pang'ono. Mwadzidzidzi mbalame zonse zinauluka zokha, ine ndisanakuwe. Kenako ndinamva mfuti kumapiri. Ndinatsika pa nsanja n'kuthamangira kumudzi.

Ndikulemba izi chifukwa cha inu ang'ono anga, amene munabadwira kuno ku Thyolo ndipo mumayesa kuti kwathu ndi pa komboni ya esiteti. Kwathu kunali m'mbali mwa Zambezi, kumtunda kwa Sena. Mudzi wathu unali ndi doko. Bambo anali kapitawo wa anthu odula nkhuni za sitima za pamadzi.

Sitima ya pamadzi imadya nkhuni kuposa mudzi wonse. Amuna ankagwetsa mitengo ya tsanya, kuidula mofanana, n'kuiunjika pa gombe pamalo okwera, pakati pa zichiri zazitali zochirikiza mulu. Woyendetsa sitima akauona muluwo ali patali, ankaliza sitima n'kukhotera kwa ife. Akapanda kuuona, ankangodutsa. Sitima inkatsitsa mchere, nsalu ndi makasu, n'kukweza mtedza, chitowe ndi phula la njuchi. Chifukwa cha doko limenelo Mmwenye wina anamanga sitolo, ndipo anthu anasamuka m'midzi ya kutchire kudzakhala nafe.

Nkhondo inayamba chifukwa Apwitikizi ankagwira amuna kuti akakumbe msewu ndi kunyamula katundu. Anthu a kumapiri anakana, anatenga mfuti. Asilikali anayamba kutentha midzi. A kumapiri ankati odula nkhuni akudyetsa sitima za azungu. Asilikali ankati munthu aliyense wa tsidya lathu ndi woukira. Bambo analibe mbali yowalandira.

Mayi anali m'chikuta. Anali atangobereka mwana wamwamuna, ndipo mchombo wake unali usanagwe. Kwathu mwana wotere satuluka m'nyumba, sapatsidwa dzina, ndipo bambo ake samuona. Achemwali anga a Chanaze ndi amene ankalowa ndi madzi ndi phala.

Masana sitima inalira. Inkachokera kumtunda, itamangirira m'mbali mwake mabwato awiri achitsulo onyamula katundu. M'mabwatomo munali Amwenye ndi mabanja awo, atakhala pa mitolo ya nsalu. Mzungu woyendetsa sanatsike. Analankhula ndi bambo ali m'mwamba. Anati madoko a kumunsi athawidwa, kulibe nkhuni. Ankafuna mulu wathu wonse, ndiponso amuna ndi nkhwangwa zawo kuti azikadula m'njira. Aliyense wosenza nkhuni atha kukhala m'sitima, anatero. Wosasenza ayi.

Bambo anakaima kunja kwa chikuta n'kulankhula ndi khoma. Ndinali pambuyo pawo. Mawu a mayi anali otsika. Anati sangathe kuyenda, ndipo mwana sangaoloke madzi mchombo usanagwe. Azamba nawonso anakana.

“Pitani,” anatero mayi. “Sitima si imodzi. Ina ikalira, tikupezani.”

Bambo anawauza kuti asilikali akafika akabisale m'bango pafupi ndi doko, ndipo akamva sitima atuluke.

Mmodzi wa ife atsikana anayenera kutsala. A Chanaze anali aakulu, amphamvu kuposa ine. Akanasenza mitolo iwiri pamene ine ndasenza umodzi. Anatuluka pakhomo, manja ali ndi phala, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Iwe Tereza ungamugwetse mwana, manja ako oterera ngati mlamba. Pita ukasenze nkhuni, ndizo umatha.”

Ndinakwiya. Sindinawatsanzike.

Ndinasenza mothamanga. Thabwa lokwerera m'sitima linkadumpha pansi pa mapazi anga. Ndinkafuna kuti mzungu aone kuti sindine wongokwera. Munthu wosonkha moto wa sitima, thupi lonse lili bii ndi mwaye, ankandiseka nthawi iliyonse ndikatula.

“Akapitawo, kamtsikana aka mundisungire! Ndidzakalowola ndi phulusa, ndili nalo lambiri.”

Amayi osenza anaseka, ngakhale mfuti zinali zikuyandikira. Inenso ndinaseka. Mulu utatha ndinatola zidutswa zimene zinagwera m'mchenga. Kenako ine ndi mayi wina tinagwedeza zichiri mpaka zinazuka, n'kuzikwezanso. Gombe linatsala mbee ngati bwalo losesa.

Gudumu la kumbuyo kwa sitima litayamba kumenya madzi, bambo anaima m'mphepete mwa bwato akuyang'ana gombe lopanda kanthulo. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi pa nkhuni, nkhwangwa ili pa maondo. Ine ndinkaganiza kuti atopa.

Tinayenda ndi madzi. Ku tsidya lathu utsi unkakwera m'malo ambiri. Pa doko lina tinaona mbuzi yomangirira pa mtengo, popanda munthu. M'madzi munkayandama zinthu zimene amayi aakulu ankatiphimba m'maso kuti tisazione. Nkhuni zikachepa, sitima inkaima pa chisumbu, amuna n'kudula mofulumira, ife n'kusenza.

Tinatsikira pa Chindio, ku tsidya linalo, pamene njanji imayambira. Kumeneko ndinaona sitima ya pamtunda koyamba. Pa gombe panali katundu wochuluka kuposa nyumba za mudzi wathu. Mabokosi a tiyi ndi mabelo a fodya ndi thonje ankadikira kupita kunyanja yamchere. Malata, zitsulo za makina ndi matumba a mchere ankadikira kukwera kumapiri. Nkhondo inali tsidya lina la mtsinje, koma katundu sanaleke kuyenda.

Tinagona pansi pa ngolo ya sitima masiku angapo. Sitima ya pamadzi ikafika kuchokera kumtunda, bambo ankathamangira pa thabwa kuyang'ana otsika. Kenako ankafunsa anyamata a m'sitima za doko lathu. Mmodzi, amene ankawadziwa kalekale, anawayankha akukulunga chingwe.

“Akapitawo, inu ndi amene mukufunsa zimenezi? Pa doko lanu palibe ngakhale chichiri. Tinadutsa.”

“Anthu simunawaone?”

“Anthu ali pa gombe lililonse masiku ano, akukupiza nsalu. Mzungu amayang'ana nkhuni.”

Apo m'pamene ndinadziwa chimene bambo ankayang'ana tsiku lija.

Bambo anafunafuna ngalawa yowabwezera. Palibe mwini ngalawa amene analola. Asilikali anayamba kuyendayenda pa Chindio, akugwira amuna a tsidya lathu. Tsiku lina bambo anafika mpaka m'madzi, nkhwangwa ili paphewa, akufuna kutsata gombe wapansi. Anatembenuka n'kundiona nditaima ndekha pakati pa mabokosi a tiyi. Anabwerera. Sananenepo kanthu za zimenezi, tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse. Akanakhala okha akanapita.

Panali munthu wolemba anthu ntchito za m'minda ya tiyi. Ankakweza aliyense wamphamvu m'ngolo yopanda denga. Tinakhala pamwamba pa malata otentha. Tinadutsa Nsanje, tinaoloka Shire pa mlatho wa Chiromo, kenako njanji inayamba kukwera motsata Ruo. Sitima imeneyinso inkaima kuti imwe madzi ndi kukweza nkhuni. Paliponse pamene inaima panali mulu, ndipo ine ndinkayang'ana kumbali. Timakala tamoto tochokera kutsogolo tinaboola nsalu yanga. Titadutsa Khonjeni ndinayamba kunjenjemera. Kwathu sindinamvepo kuzizira kotero.

Tinatsika pa Luchenza. Pa siteshoni panali ngolo za ng'ombe zotula mabokosi a tiyi. Mwini wa ngolo imodzi anali Che Amidu, Myao wachisilamu wa ndevu zoyera. Anatikweza pamwamba pa katundu wopita ku esiteti, ndipo anandiponyera chiguduli kuti ndifunde. M'njira anauza bambo kuti ali mnyamata ankasenza katundu wa azungu pamutu mpaka ku Chiromo, ndipo msana wake ukukumbukabe. Njanji itabwera, azungu anayamba kugwetsa nkhalango n'kubzala tiyi phiri ndi phiri, poti tsopano anali ndi pomutulutsira. Chimene chinkawasowa ndi manja. N'chifukwa chake sankafunsa munthu kumene wachokera.

Che Amidu anafunsa bambo ntchito imene ankadziwa. Atamva, anaseka mpaka ng'ombe zinaima.

“Ndiye mwafika kwanu, achimwene. Fakitale imaumitsa tiyi ndi moto. Mwathawa nkhuni, mwapeza nkhuni.”

Anatipatsa kanyumba pa komboni, pakati pa Alomwe amene nawonso anachokera ku dziko la Apwitikizi, koma wapansi, kudzera ku Mulanje. Chilankhulo chawo sitinkachimva. Mayi wa nyumba yoyandikana anatibweretsera chinangwa ndi nandolo osatifunsa kanthu. Kunalibe mfuti. M'mawa kunkalira belu, anthu n'kulowa m'mizere ya tiyi ndi madengu kumsana. Ndinkadya, ndinkagona, ndinkanenepa. Zimenezi zinkandichititsa manyazi.

Bambo anapereka mayina a mayi ndi a Chanaze kwa Che Amidu. Iwo ankawatchula kwa anthu a njanji ulendo uliwonse akapita ku Luchenza, ndipo anthu a njanji ankapita nawo mpaka ku Chindio. Chilimwe chonse chinatha osamva kanthu.

Mvula yoyamba itagwa, tiyi ataphuka, ngolo inafika masana ndili pa mjigo wa madzi. Pamwamba pa matumba a mchere panali munthu wofunda chiguduli. Che Amidu sanaseke tsiku limenelo. Anaimitsa ng'ombe n'kumuthandiza kutsika. Anali a Chanaze. Tsitsi linali litafiira, mapazi atang'ambika. Kumsana analibe mwana.

Anafotokoza atakhala pakhonde, bambo ali pomwepo. Mchombo unagwa m'mawa wa tsiku lotsatira, ife titachoka. Asilikali anatentha mudzi, iwo ali m'bango. Sitima ikalira ankatuluka, mayi atatsamira pa phewa lawo, n'kukupiza nsalu. Sitima inkadutsa pakati pa mtsinje. A Chanaze anafuna kudula nkhuni, koma nkhwangwa zonse zinali zitapita ndi ife. Anathyola mapesi a mapira m'munda wanga uja, anawadula mofanana, n'kuwaunjika pamalo okwera kuti azioneka ngati mulu. Sitima ina inachepetsa liwiro n'kuyamba kukhota. Mzungu anayang'anitsitsa. Kenako gudumu linayambanso kumenya madzi.

Mayi anamwalira m'bango momwemo, thupi litatentha. Mwana anakhala masiku ochepa, akuyamwa madzi a mapira pa chala. A Chanaze anawakwirira ndi khasu, pamodzi. Anaoloka mtsinje ndi anthu ena othawa, anagwira ntchito yosenza thonje m'mbali mwa njanji, mpaka tsiku lina munthu wokonza njanji anamva dzina lawo n'kunena kuti likufunidwa ku Luchenza.

Atatha kulankhula anatembenukira kwa ine.

“Zikanatsala zichiri zokha, ndikanaziwaza n'kuika pamwamba pa mapesi. Anazula ndani?”

Ndinayang'ana pansi. Madzi amene ndinatunga anali akadali pamutu panga.

“Tula mtsukowo,” anatero. “Khosi lithyoka.”

Sanafunsenso.

Bambo anakwatira mayi anu patapita zaka, ndipo inu munabadwa. A Chanaze anakwatiwa ndi Mlomwe wa ku fakitale. Mumawaona m'mizere ndi dengu lawo, ndipo mumadziwa kuti palibe wothyola tiyi mofulumira kuposa iwo. Chimene simudziwa n'chakuti aphunzitsi a ku mishoni atabwera pa komboni kufuna atsikana, bambo anakana, poti dengu langa linkafunika pakhomo. A Chanaze ndi amene anati adzathyola za anthu awiri. Anati mmodzi wa ife aleke kusenza. Tsiku lililonse limene ndakhala pa benchi la sukulu, iwo akhala m'mame.

Anthu a njanji akunena kuti azungu akufuna kumanga mlatho pa Zambezi, pafupi ndi Sena, kuti tiyi azifika kunyanja yamchere osakweranso bwato. Akatero sitima za pamadzi zidzatha, ndi madoko omwe. Ndikamaliza maphunziro a uphunzitsi ndikufuna kudzakwera sitima ya pamtunda yodutsa pa mlathowo ndi a Chanaze. A Chanaze akuti malo amene anakwirira mayi angawazindikire. Akuti pali mtengo wa mlambe wong'ambika pakati.

Mayi dzina lawo linali Nsai. Mwana analibe dzina, ndipo bambo sanamuone nkhope. Anthu akakufunsani kuti m'banja mwanu munabadwa angati, muziyamba ndi a Chanaze, kenako ine, kenako mchimwene wanu ameneyo, kenako inu.