Tsiku Limene Ufa Unameza a Gelevazio

Ntchitoyi anandipezera ndi mayi wina wa kumphakati wa tchalitchi chathu ku Mphunzi. Mlamu wawo, a Nambewe, ankayang'anira fakitale yaing'ono yopera ufa wa phala la soya pafupi ndi boma la Dedza, ndipo ankafuna munthu wa manja odekha. Ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo polankhula ndi akuluakulu ndinkayang'ana pansi.

A Nambewe anandipatsa sikelo ndi silinda, botolo lagalasi lalitali la mizeremizere. Ndinkayeza ufa pasikelo, n'kuuthira m'silindamo pang'onopang'ono osagwedeza, n'kuwerenga mzere umene wafika. Kenako ndinkagogoda silindayo patebulo mpaka ufawo utasiya kutsika, n'kuwerenganso. Kulemera kumakhala komweko, koma malo achepa. "Ukatsika pang'ono, ufawo uyenda bwino," anatero. "Ukatsika kwambiri ndi wogwirana, uyembekeze mavuto."

Tsiku lina mu Juni, nkhungu itaphimba phiri, ufa unatsika kwambiri moti ndinayesa ndalakwitsa. Ndinabwereza, koma zinali zomwezo. A Nambewe analetsa kuthiranso ufa m'nkhokwe yachitsulo yotsitsira m'matumba, n'kupita kuchigayo kukaona ngati soya anauma bwino. Koma nkhokweyo inali itadzaza kale, ndipo galimoto yokasiya ufa kusukulu inkadikira panja.

Ufa unasiyadi kutuluka. A Gelevazio, bambo wosoka matumba amene ankandigawira mbatata masana, anatenga mtengo n'kuyamba kumenya nkhokweyo m'mbali monga ankachitira nthawi zonse. Anandiseka kuti dokotala wa botolo agwireko ntchito yeniyeni, ndipo ndinamenyako. Sunatuluke. Iwo anakwera makwerero n'kutsikira mkati kuti akabowole ndi nsungwi. Pamwamba ufawo unkaoneka wolimba ngati pansi pozira.

Ndinali pamakwerero pamene unagumuka. Kunsi kwake kunali mphako. A Gelevazio anamira mpaka pachifuwa, kenako m'khosi, osakuwa n'komwe. Anangondiyang'ana, nkhope yonse ili mbuu. Ine amene sindinkakweza mawu ndinakuwa mpaka a Nambewe anamva kuchigayo. Anabwera akuthamanga, naletsa kutsegula chotsekera chapansi poti ufa ukanawakokera kunsi. Anthu anayala matabwa pamwamba pa ufawo, anagona pamatabwapo, n'kumakumba ndi mabeseni mpaka anatha kulowetsa chingwe m'khwapa mwa a Gelevazio n'kuwakoka.

Atatuluka anakhala pansi akutsokomola. A Nambewe sanakalipe. Anadzaza silinda n'kuigogoda patebulo tonse tikuona, ufa ukutsika ndi kulimba.

"Pamene mumamenya nkhokwe paja mumachita zimenezi," anatero.

A Gelevazio anaiyang'ana silindayo nthawi yaitali.

Ntchitoyi ndikuigwirabe. Ufa ukatsika kwambiri m'silinda, sindiyang'ananso pansi. Ndimauza aliyense, ngakhale wa msinkhu wa bambo anga, kuti asaimenye nkhokwe, ndipo makwerero ndimakachotsa ndekha.