Kampando Kopondapo Chitsiriza

"Anesi, mwana wotsekula m'mimba angakhale bwanji wodzimbidwa?" anafunsa kalipentala wina kuchipatala, utuchi uli mbuu m'tsitsi.

Chitsiriza wake, kamtsikana ka zaka zitatu, ankaipitsira kabudula tsiku lililonse. Bamboyo anali atamuletsa zipatso poganiza kuti ndizo zikumutsekula. Namwino anafotokoza kuti chimbudzi chouma chatseka njira, ndiye zamadzimadzi zikungodontha m'mbali. Anapereka mankhwala ofewetsa, n'kunena kuti mwanayo azimwa madzi, azidya zipatso, ndipo akatha kudya azikhala pachimbudzi mapazi ataponda penapake.

Zopondapozo ndiye zinali ntchito yake! Kalipentala anayeza timiyendo ta mwana ndi tepi, n'kukhoma kampando ndi zidutswa za matabwa.

"Bambo a mwana, mipando ya eni ake mumazengereza, koma kakuchimbudzi mwapaka ndi vanishi yemwe!" anamuseka mkazi wake.

Patapita milungu itatu, kamtsikanako kanathamangira mu shopu ya bambo ake muli makasitomala tho, kakukuwa: "Ababa, chatuluka osawawa!" Onse anafa nacho chiseko, ena mpaka kuomba m'manja.

Tsiku lomwelo kalipentala anatsimikiza kuti zidutswa sadzatayanso. Azikhoma timipando, n'kumakasiya kwa anesi kuti azipatsa ana ena.