Luzi pa Akatumba a Yohane

Ndikukumbukira miyendo ya mlongo wanga Yohane kuposa nkhope yake. Nkhope yayamba kundithawa ndi ukalamba uno, koma akatumba aja ndimawaonabe, otukuka ngati timaungu. Kwathu kwa Luembe, m'zaka za Chitaganya, panalibe mnyamata womuposa pa liwiro. Tsiku la mipikisano kusukulu, anzake asanatukule n'komwe phazi, iye anali atafika kale pachulu n'kumaseka. Thumba la mtedza ankaliponya paphewa yekha. Ine ankanditcha Kabango, chifukwa cha timiyendo tanga toonda.

Ntchito yanga inali madzi. M'chilimwe chitsime chapafupi chinkauma, ndiye m'mawa uliwonse ndinkatsikira kumtsinje, kukwera chitunda ndi mtsuko pamutu, kutula, kenako kuthamanga pang'onopang'ono mpaka kusukulu poopa mkwapulo wa aphunzitsi. Palibe amene ankawerengera zimenezi ngati kuthamanga, ngakhale ine mwini.

Chaka chimenecho atate anali kumigodi, amai ali ndi pakati. Matenda anawayamba mu Okutobala, kutentha kuja koti nkhuku zimangoyasama pansi pa nkhokwe. Tsiku linapita, lachiwiri linacha, mwana osabadwa. Azamba anatuluka m'nyumba n'kuuza amalume a Daka kuti zawakanika, apite nawo kuchipatala ku Petauke. Basi yopita kumeneko inkadutsa pamsewu waukulu pa Nyimba, kutali ndi mudzi wathu, kamodzi patsiku, dzuwa likafika pamutu. Amuna anayi anamanga machila, koma aliyense ankadziwa kuti atasenza munthu sangaipeze. Panafunika wina woti atsogole ndi liwiro, akaimitse basiyo n'kupempha dalaivala kuti adikire.

Amalume sanayang'ane kwina, anaitana Yohane. Anamukonza mmene akuluakulu ankakonzera munthu wa ulendo wachangu. Anamumanga luzi mothina pansi pa maondo onse awiri kuti akatumba asagwedezeke, lina m'chiuno.

“Usamwe madzi panjila, wamva? Madzi alemeletsa mimba, udzalasidwa m'nthiti. Ukamwe basi itaima.”

“Ndamva, amalume.”

Anauyatsa liwiro la mtondo wadooka, anthu mitima n'kukhala pansi ngati basi yaima kale. Ine ndinatsatira machila nditanyamula chiphanda cha madzi. Titangodutsa minda, amai anatulutsa dzanja m'machilamo n'kundigwira. Dzanjalo linali lozizira, kunja kukuotcha chotero.

“Esnati, londola mlongo wako. Uja sadziwa kusunga mphamvu.”

Ndi mawu omaliza amene amai anandiuza ndekha.

Ndinayamba kathamangidwe kanga ka kusukulu kaja. Mchenga unkaotcha kumapazi, nyenje zikulira m'mitengo ya tsanya yopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Poyamba chifuwa chinatentha, kenako chinakhazikika, mpweya n'kumalowa ndi kutuluka pa nthawi yake ngati anthu awiri osinja mu mtondo umodzi. Kukhosi kukauma ndinkamwa pang'ono ndikuthamanga. Ineyo sanandiletse madzi, poti palibe ankayembekezera kanthu kwa ine. Mapazi a Yohane ndinkawaona panjira, poyamba otalikirana, kenako oyandikana, kenako okwekwereza.

Ndinamupeza kutsidya kwa kamtsinje kouma, atagona chagada padzuwa. Akatumba anali atakokana, olimba gwa ngati miyala, zala za kumapazi zitapindikira mkati. Luzi linali litalowa m'mnofu. Milomo inali itachita mbuu, ndipo mnyamata amene ankagwetsa anzake onse pogwetsana anali kulira ngati khanda. Ndinadula luzilo ndi mano, ndinamudzutsa mutu n'kumumwetsa.

“Esnati, miyendo yakana,” anatero. “Thamanga, ndapota nawe.”

Ndinathamanga. Sindinaime pena paliponse, ndipo mphamvu zinalipobe. Nditakwera chitunda chomaliza ndinamva basi ikubuula pamsewu waukulu. Ndinakuwa, ndinataya chiphanda, ndinatsika ngati wamisala. Pofika pamsewu ndinapeza fumbi lofiira likutsikira pamasamba, ndi fungo la dizilo. Mai wina wogulitsa nthochi anandiyang'ana n'kuti, “Yangopita kumene, mwana wanga. Ina ni mailo,” kutanthauza mawa.

Machila anafika dzuwa litapendeka. Galimoto ina sinadutse. Amai anamwalira pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu dzuwa lisanalowe, mwana ali m'mimba.

Maliro atatha, amalume anamuimika Yohane pamaso pa abale. Anamufunsa chinthu chimodzi chokha, ngati anamwa madzi.

“Ndinamwa,” anayankha.

“Nanga sindinakuuze?”

Basi, mlandu unathera pomwepo. Mudzi wonse unadziwa kuti Yohane analephera kupirira ludzu, ndiye amai ake anafa. Iye sananene kuti anagwa asanamwe. Sananene amene anamumwetsa. Ine ndinali chilili pomwepo, ndipo ndinatseka pakamwa chifukwa cha mantha. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, inde, koma pakamwa ndinali napo. Manyazi amenewa ndakalamba nawo.

Yohane sanathamangenso. Patapita nyengo ziwiri za mvula anapita kumafamu a fodya kumwera, ndipo anabwerako kamodzi kokha, atamera imvi. Tinacheza za mbuzi, za mitengo ya zinthu, za anthu amene anamwalira. Za tsiku lija ayi. Anakafera konko kumafamu.

Chaka chatha mdzukulu wanga, amene amaphunzitsa zamasewera pasukulu ina ku Petauke, anali kundidulira nkhuku. Anandisonyeza nyama ya pachifuwa, yoyera, ndi ya kumwendo, yakuda. Anati yoyerayo ndi ya mphamvu yadzidzidzi, n'chifukwa chake nkhuku imauluka kuchoka pansi kufika padenga n'kutheratu, pamene yakudayo imayenda ndi mpweya, ndipo nkhuku imapalasa nayo tsiku lonse osatopa. Anati anthufe tili nayo minofu yonse iwiri, koma wina amabadwa ndi yambiri ya mtundu uwu, wina ya mtundu uwo, ndipo ntchito ya tsiku ndi tsiku imakulitsa mtima ndi chifuwa. Anaonjeza kuti munthu wothamanga padzuwa osamwa, atamangidwanso miyendo, angagwe ngakhale atalimba bwanji. Ankangolongosola akuseka, osadziwa kuti akundibaya. Nkhuku ija sindinaidye.

Masiku ano kwa Luembe mai wapakati akavutika amaimba foni, njinga yamoto n'kubwera. Pa wailesi yakanema ndimaona othamanga mitunda italiitali, oonda ngati Kabango, akulandira madzi m'mbali mwa msewu n'kumamwa akuthamanga, anthu akuwaombera m'manja. Adzukulu amadabwa kuti agogo akulira chiyani pa mpikisano. Ndimawaitana, n'kuwauza zimene ndinalephera kunena pamaso pa amalume: Yohane anagwa asanamwe, ndipo madzi aja ndinamumwetsa ndine.