Petulo wa ku Hyson Green

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mu 2018, pamene amayi anakwatiwanso ndi a Tembo a ku Chipata, ndipo ndinadana nawo chilowereni m'nyumba mwathu ku Spinney Hill, mumzinda wa Leicester ku Mangalande. Sanandimenyepo, sananditukwanepo. Anangokhala pampando umene ankakhalapo malemu bambo anga, n'kumatafuna mokweza. Akandiyankhula m'Chinyanja chawo ndinkayankha m'Chingerezi chothamanga, kuti asochere.

Lamlungu lina tinkapita ku ubatizo wa mwana wa mnzawo wa a Tembo ku Hyson Green, mumzinda wa Nottingham. Amayi anayenera kukhala atabwerera ku Leicester pofika folo koloko, chifukwa anali atangoyamba ntchito kunyumba yosamalira okalamba ndipo anali adakali pa nthawi yoyesedwa. Tinanyamuka mochedwa, amayi akudandaula kale.

Galimoto a Tembo anali atangoigula. Thanki yake inali ya malita 48, ndipo singano ya mafuta inali pakamzere koyamba, gawo limodzi mwa magawo eyiti. Amene anawagulitsa anali atawauza kuti ulendo wa ku Nottingham, kupita ndi kubwera, umadya gawo limodzi mwa magawo sikisi. A Tembo sukulu anaisiyira panjira, ndipo manambala ankawachititsa manyazi. Anandiyang'ana pagalasi.

"Tadala, iwe wamasamu, chachikulu n'chiti? Tikafika?"

Mafulakishoni ndinkawakhoza kuposa aliyense m'kalasi mwathu. Asanatseke n'komwe pakamwa ndinali nditawerengera kale: 48 kugawa ndi eyiti, malita sikisi amene tinali nawo, 48 kugawa ndi sikisi, malita eyiti amene ulendowo unkafuna. Ankaperewera awiri. Ndinawauza kuti eyiti ndi wamkulu kuposa sikisi, choncho mafutawo akwana. Ananditamanda, n'kudutsa pomwetsera mafuta osaima.

Pobwerera kanyali kachikasu ka mafuta kanayaka, a Tembo n'kuseka, amvekere mwanayu wawerengera kale. Tili pakati pa njira, pamsewu wa A46, galimoto inatsokomola kawiri n'kuzima. Anaikokera m'mbali mwa msewu. Kunkagwa kamvula kozizira, ndipo malole akamadutsa galimoto yonse inkagwedezeka. Ine kumbuyo ndinkadikira kuti amayi awakalipire, aone mtundu wa munthu amene anabweretsa m'nyumba.

Anawakalipiradi, mawu olasa, a Tembo atangogwira chiwongolero. Kenako amayi anasiya mwadzidzidzi n'kutembenuka. Anali atasaina okha pepala langa la mayeso a masamu sabata yomweyo. Anandifunsa kuti 48 kugawa ndi eyiti n'chiyani. Ndinayankha. Kugawa ndi sikisi? Ndinayankhanso, mawu akuchepa.

"Ndiye kuti unkadziwa," anatero.

Sanandimenye. Anatuluka n'kukaima pamvula, nayimbira abwana awo, ndipo ndinawamva akupepesa ndi kamawu kakang'ono kamene ndinali ndisanawamvepo nako. Atamaliza analamula kuti ndipite ndi a Tembo kukagula petulo.

Tinayenda m'udzu wonyowa pafupifupi ola lathunthu, nsapato zanga za kutchalitchi zikulowa madzi. Pobwerera a Tembo anandipatsa chigubu kuti ndisenze, ndipo atayankhula sanakweze mawu.

"Ine udane nane, zilibe kanthu, sindine bambo ako. Koma amayi ako akulakwira chiyani?"

Amayi anafika ku ntchito mochedwa ndi maola awiri. Abwana awo anawachenjeza mwa kalata n'kuwawonjezera nthawi yoyesedwa, ndipo kwa milungu iwiri amayi ankangondiikira chakudya patebulo osandiyang'ana. A Tembo sanandifunsenso funso la masamu mpaka lero.

Sindinganame kuti tsiku limenelo ndinayamba kuwakonda. Zinatenga zaka, ndipo n'zosakwanirabe. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti munthu wamkulu akafunsa mwana funso pamaso pa mkazi wake, amakhala wavomera poyera kuti pali chimene sakudziwa, ndipo wakhulupirira mwanayo. A Tembo anandikhulupirira kamodzi kokha, ine n'kuwanamiza, ndipo amene anakaima pamvula kupepesa anali amayi anga.