A Lawford ndi Chisa cha m'Dimba Langa

A Lawford amagwira ntchito yosamalira maluwa panyumba ina ku Area 15, koma ife olima kudambo la Lingadzi timawatchula kuti a Dokotala. Dzinali linayamba ngati chipongwe, chifukwa kawiri pachaka amaperekeza akatswiri owerenga mbalame za m'madzi. Sukulu analekezera sitandade 6, koma amadziwa paliponse pamene bakha wakutchire angabisale, ndipo akatswiriwo akasiyana chiwerengero amafunsa iwo.

Ndinawadziwa bwino chaka chomwe amuna anga anamwalira. Dimba lathu linali litasanduka tchire, mphamvu zotchetcha ndinalibe, ndipo mbande za tomato zinali zitakula kale. Ndinaganiza zongotentha monga amachitira anzanga.

Ndili ndi machesi m'manja, ndinamva mawu kumbuyo. "Amake Tamando, taimani kaye!"

Anali a Lawford. Anandilozera pakati pa udzu, pomwe bakha anali atafungatira mazira.

"Mupatseni sabata ziwiri zokha," anatero.

"Nanga tomato wanga adikira bakha?" ndinafunsa chapansipansi, poti kutsutsana ndi abambo sindinazolowere.

Mayi Efelo, amene ndinagundizana nawo malire, anafuula ali kwawoko: "A Dokotala, mazirawo tipatseni tikazinge, nkhani ithe!"

"Inu mayi mumakazinga chilichonse. Tsiku lina mudzakazinga khasu."

Mawa lake masana a Lawford anatulukira ndi chikwakwa. Kwa masiku asanu ndi limodzi, nthawi yomwe anzawo amapuma, iwo ankatchetcha dimba langa, kuyambira kutali n'kumayandikira pang'onopang'ono kuti bakha asathawe. Pozungulira chisa anasiya udzu waukulu ngati mphasa zinayi. Manja anatuluka matuza, koma sanandionetse. Ndinangoona mmene ankagwirira kapu ya madzi. Ndinaokera mochedwa, ndipo mbande zina zinafota.

Tsiku lina tinapeza chisa chilibe kanthu, zikamba za mazira zokhazokha. Mtima unandiwawa. Ndinati ng'azi yatidyera, tavutika pachabe. A Lawford anagwada, natola chikamba chimodzi n'kuchitembenuza.

"Ng'azi sisiya zotere. Awa aswa okha."

Tinadikira bakhayo titakhala pamzere mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenako bango linagwedera, bakha anatulukira pamadzi, tiana tisanu ndi tiwiri tili pambuyo. A Lawford anawerenga kawiri, milomo yokha ikuyenda.

"Tsopano limani paliponse, mayi," anatero, nanyamuka mofulumira kuti abwana asawafune.