Boloma wa amayi ndi uvuni wanga

Ine nsanje ndili nayo, sindibisa. Chaka chimene amuna a mng'ono wanga anabwera kuchokera ku Joni ndi galimoto yodzaza matailosi, chakudya chinasiya kundikomera.

Dera lathu, kuseri kwa msika wa Nsanama, linali la mango. Agogo athu atawoloka kuchokera ku Mozambiki, banja lililonse linabzala mtengo pamene linamanga. Nyumba zinali za zidina, khonde lozungulira, mipanda ya udzu yaifupi yoti ukaima umaona mnzako akupeta. Mlendo akafunsa njira tinkamulozera mtengo, osati nyumba. Kenako anthu anayamba kudula mapuloti n'kumagulitsa kwa ogula nandolo ndi mpunga, mitengo n'kumagwa umodziumodzi. Unatsala wanga wokha, wa boloma, thunthu loti anthu atatu sangalikumbatire. Amayi anandisiyira malo amenewo monga mwana wamkazi wamkulu, ndipo mng'ono wanga anampatsa kumtunda kopanda ndi chitsamba chomwe.

Kumtunda komweko ndi kumene kunamera chinyumba. Malata ofiira, mawindo agalasi, mpanda wa njerwa, geti lachitsulo. Anthu ochokera kumsika ankadutsa pakhomo panga osapereka moni, makosi atapotokera uko. Tsiku lina mayi wogulitsa matemba a ku Chiuta anaima pansi pa mtengo wanga kuti apume, n'kundifunsa kuti, "Kodi inu mumagwira ntchito kunyumba yokongola ijayi?" Ine! Ine amene ndinamubereka kumbuyo mwana uja, kumupukuta mamina ndi chitenje changa! Matembawo sindinagule, ngakhale ndiwo kunalibe.

Chopweteka n'chakuti mng'ono wangayo si munthu woipa. Akanakhala wonyada bwenzi ndikumuda mtima uli m'malo. Koma iye ankabwera akumwetulira, ati, "Achemwali, mwaswera bwanji? Ana atole mango?" Ndinkamuyankha bwinobwino.

Ndinauza amuna anga kuti nafe timanga, zivute zitani. Tinakumba chulu, tinaponda dothi, tinaumba njerwa miyezi iwiri mpaka msana kuuma. Uvuni tinaupanga, wamakomo anayi. Vuto linali nkhuni. Kuphiri amaletsa, ndipo m'mudzi monse munalibe mtengo woti n'kuotchera uvuni kupatula umodzi. Ndinauyang'ana, amuna anga n'kuona kumene maso anga apita.

"Amayi, iyayi," anatero. "Tifunditse njerwazi ndi udzu, tizitolera nkhuni pang'onopang'ono. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno."

Ndinawafunsa ngati mthunzi amagonamo mvula ikamagwa. Anandigonjera, chifukwa malowo ndi a kwathu, iwo ndi mkamwini.

Nkhani inamveka. Amayi achikulire awiri oyandikana nafe anabwera kudzandipempha. Amati dera lino latsala ndi mtengo umenewu basi, ukagwa ndiye kuti kwathu kwatha, tatsala ndi fumbi ndi mipanda. Ndinawayankha mwachipongwe, Mulungu andikhululukire: "Yanu munadula nokha, lero mukufuna mthunzi wa eni?" Anadzuka n'kukutumula zitenje.

Mwina ndikanaleka, mukudziwa. Mtima unali utayamba kubwerera. Koma m'mawa mwake anatulukira mng'ono wanga, maso ali ofiira.

"Achemwali, mtengo wa amayi umenewu. Musadule, chonde. Nkhuni ndikugulirani ine, galimoto ilipo."

Ndikugulirani ine! Mawu amenewo ndi amene anagwetsa mtengowo. Tsiku lomwelo ndinatumiza uthenga kwa anthu a makina ocheka, ndipo dzuwa lisanapendeke boloma anali gone pansi, maluwa ali mbwee pabwalo. Njuchi zinazungulira nthambizo masiku awiri.

Bambo amene tinawaitana kuchokera kwa Kalembo kudzayatsa uvuni anagogoda chipika chimodzi, n'kupukusa mutu. Amati nkhuni za mango zaziwisi sizipsetsa njerwa, tidikire ziume mwezi ndi theka. Ine ndinkadziwa, nanga ndinakulira kuti? Koma mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo ndinkafuna kuti pofika Khirisimasi makoma akhale ataima, a kumtunda aone. Ndinawauza kuti ayatse. Uvuni unafuka utsi woyera masiku anayi, zipika zikulira thovu m'makomo, moto osagwira bwino. Titaphwasula, njerwa zapafupi ndi moto zinali zakuda, zina zonse zotuwa. Amuna anga anatenga imodzi n'kuithyola ndi manja ngati chigumu.

Mvula yoyamba inagwa sabata yotsatira. Pofika masana uvuni wanga unali mulu wa matope ofiira, ukuyenderera kulowera kumsewu.

Lachinayi lililonse amayi a mphakati wathu ankapempherera pakhomo panga, pansi pa mtengo uja, kuyambira nthawi ya amayi. Sabata imeneyo anabwera ndithu, n'kukhala mondondozana m'mbali mwa khoma kuthawa dzuwa, nyimbo osamveka mphamvu. Titamaliza, amayi apampando anatsokomola pang'ono, ati pepani, tayamba taganiza za okalambawa, kuyambira sabata yamawa tizikumana pakhonde la mng'ono wanu.

Ndiye ndimapita. Ndimakwera kamtunda kaja Baibulo lili m'manja, ndimagogoda pageti, ndimavula patapata kuti ndisadetse matailosi. Mng'ono wanga amandipatsa mpando wabwino, ati achemwali akhale apa, ndipo nkhani ya mtengo sanaitchulepo ngakhale kamodzi. Ukakhala pakhonde lakelo umaona bwinobwino pakhomo panga, pali yeretu, chitsa chokha. Madzi amene amatipatsa ndi a m'firiji, ozizira bwino, ndipo ndimamwa mtima ukuwawa.